Timawu ta Kaimuri

Ndinachoka kwathu chaka chimene munda wathu unapita chifukwa cha mawu amodzi. Chaka chake sindichikumbukira. Ndimangokumbukira kuti mango anali atangotha, ndipo nsapato zanga zinali zisanabooke.

Zinachitika motere. Anthu a esiteti ya fodya anabwera kudzayeza malire, ali ndi mlembi wa cholembera chofiira. Iwo anaima kumsewu. Abambo anga anaima pakhomo pathu. Pakati pawo panali chulu chachikulu, ndipo munda wathu unkapitirira chulucho mpaka kutsala pang'ono kufika kumsewu.

"Bambo, munda wanu umathera pati?" mlembiyo anafuula.

"Kuseri kwa chulucho!" abambo anayankha, akuloza ndi mpini.

Mlembi analemba zomwezo, osachotsa, osawonjezera. Koma kuseri kwa abambo kunali kumsewu, pamene kuseri kwa mlembi kunali kwathu. Patapita zaka ziwiri thirakitala inabwera. Inalima kuchokera kumsewu, inazungulira chulu, inadzaima pafupi ndi khola lathu la mbuzi.

Kukhoti ndinalankhula ndine, chifukwa abambo mawu anali atawauma. Woweruza anali munthu wofatsa, wovala magalasi. Anawerenga pepala lija kawiri.

"Mayi, abambo anu ananena mawu amenewa kapena sananene?"

"Ananena, bwana."

"Nanga vuto lili pati?"

"Vuto ndi lakuti pepalalo silikunena pamene iwo anaima."

"Pepala siliima, mayi. Limagona patebulo."

Anthu anaseka. Ine ndinati, "Ndiye lidzutseni. Mupite nalo pakhomo pathu, mukaliwerengere pamenepo."

Ananditulutsa panja. Kuyambira tsiku limenelo abambo anasiya kunena malo a zinthu. Ukawafunsa kumene kuli khasu ankangoloza ndi chibwano. Anamwalira chimanga cha anzathu chikuchita ngayaye. Amayi anali atatsogola kale, choncho titabwera kumanda ndinatseka chitseko ndi waya n'kuyamba kuyenda.

Mudzi woyamba umene ndinakhalamo unali wa miyala yoyera, wopanda mtsinje. Kumeneko ndinapeza a Dzimbiri, mkulu wokumba zitsime, atakhala m'mphepete mwa dzenje, mwendo wawo utatupa ngati dzungu. Dzenjelo linali litafika kuya kwa anthu atatu, madzi osaoneka, ndipo amuna a m'mudzimo anali atagwa ulesi.

"Mungandilembe ntchito?" ndinawafunsa.

"Yokoka ndowa ilipo, mwana wanga."

"Ndikufuna yokumba."

Amuna amene ankasewera bawo pamthunzi anatembenuka. Mmodzi anati, "Chemwali, kuno mkazi amaima pachitsime. Salowa m'chitsime."

"Madzi ali pachitsime kapena m'chitsime?"

A Dzimbiri anandiyang'ana mapewa, kenaka anandiponyera chingwe.

Pansi pamakhala pozizira, ndipo kumwamba kumaoneka ngati mbale yoyera. A Dzimbiri ankandiphunzitsa ali pamwamba, mawu awo akutsika mozungulira. Anandiuza kuti ndizinunkhiza dothi ndisanalitaye mu ndowa, kuti ndisakumbe pakati pokha, kuti khoma likayamba kutuluka thukuta ndisathamange. Ndinakumba masiku amene sindinawerenge. Zikhatho zinatuluka matuza, matuza anaphulika, khungu linauma. Tsiku lina piki inalowa mofewa, ndipo madzi anayamba kundigwira m'zala za kumapazi, ozizira ngati amachokera kudziko lina.

Atamanga njerwa n'kupaka simenti, kunabwera munthu wa cholembera chofiira. Nkhope yake inali yomwe ija ya mlembi wa kwathu, ngakhale ndikudziwa kuti sanali iyeyo. Analemba pasimenti yaiwisi ndi msomali kuti chitsimecho anakumba ndi amuna a m'mudzimo motsogozedwa ndi a Dzimbiri. A Dzimbiri anatsutsa, koma munthuyo anawauza kuti pasimentipo malo atha.

Ndinapempha chingwe komaliza. Ndinatsika mpaka pamene simenti ya m'kati inali isanaume, ndinadindapo chikhatho changa chonse, zala zisanu, n'kukwera. Aliyense woweramira m'chitsime chimenecho dzuwa lili pamutu amachiona. Ndinatsanzika a Dzimbiri okha.

Kenaka panali matauni. Amasokonezeka m'mutu mwanga, chifukwa onse anali ndi depoti, fumbi, ndi wailesi yolira mu shopu ya telala. Mu tauni ina ndinkaphikira madalaivala a malole, ndipo kumeneko ndinakwatiwa ndi mmodzi wa iwo, dzina lake Yotamu. Anali ndi mpata pakati pa mano, ndipo ankaseka ndi thupi lonse. Ndinamukonda. Sindibisa.

Yotamu ankasowa masiku anayi pamlungu. Ndikamufunsa ankati, "Ndinali kuntchito, mayi." Ndikatuma uthenga, yankho linkabwera lomwelo, ali kuntchito. Tsiku lina lole yake ndinaiona itaima padepoti, matayala atazizira, mwini wake palibe. Ndinafunsa amayi ogulitsa nthochi, iwo anandilozera nyumba ya chitseko chobiriwira. Panja pake mayi wina ankachapa malaya amene ine ndinasokerera batani.

"Mukufuna ndani, amayi?"

"Ndikufuna kuntchito kwa Yotamu."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. Kenaka anapukuta manja pachitenje, anatulutsa mpando. Dzina lake anati ndi Esinati, ndipo ana atatu amene ankasewera pamchenga onse anali ndi mpata pakati pa mano. Sitinamenyane. Tinakhala pansi kumudikira.

Atafika anaima pageti, kuseka kuja kutathawa.

"Sindinakunamize," anatero. "Nyumba ino ili kuntchito komweko. Depoti si iyo?"

Apo ndinadziwa kuti "ku" ndi kamawu kotakata. Mungabisemo nyumba, mkazi ndi ana atatu, malo n'kutsalabe. Ndinamuuza kuti kuyambira tsiku limenelo akafuna kundipeza, ndili kumpoto. Andifunefune m'menemo.

Ndinakwera malole opita kumpoto, ndikuphikira madalaivala m'njira. Ndinaphunzira Chiswahili momwe munthu amaphunzirira kusenza mtolo, pang'onopang'ono, khosi likuwawa. Pachipata china cha malire munthu wa cholembera chofiira anandifunsa kumene ndikupita.

"Kutsogolo."

"Kutsogolo si malo, mayi."

"Kwa inu amene mwakhala pansi si malo. Lembani."

Anakana kudinda. Ndinazungulira kudzera m'munda wa chinangwa, n'kukakwera lole yomweyo patsidya. Kuyambira pamenepo ndinalibe chikalata chilichonse chonena kuti ndili pamene ndili.

Sindidziwa kuti panapita zaka zingati ndisanafike kudziko la phiri lalikulu. Nsonga yake inkabisala m'mitambo, ndipo m'munsi mwake munali minda ya tiyi ndi nthochi, dothi lofiira ngati la kwathu. Lole inafera pakamsika kena pamtunda, ndipo ine sindinafune kudikira kuti ikonzedwe. Ndinapeza ntchito yopaka laimu m'nyumba za anthu. Ndinali ndi ndowa, burashi ya udzu, ndi manja osweka.

Anthu a kumeneko ankalankhula Chimeru. Pamsika tinkamvana m'Chiswahili, koma akatembenukirana okhaokha ndinkangomva ngati mtsinje. Tsiku lina ndikupaka khoma la nyumba ina ndinamva mayi akufunsa kumene kuli mwamuna wake, wina n'kuyankha kuti, "Muundene."

Burashi inaima yokha. M'kati mwa mawuwo ndinamva munda.

"Mwati chiyani?" ndinafunsa m'Chiswahili.

Amene anayankha uja anali mayi wamfupi, wa tsitsi lometa, atanyamula dengu, kope ndi kapu yachitsulo. Anthu onse ankamutcha Mwalimu, ndiye kuti mphunzitsi, koma dzina lake linali Kaimuri. Anandiuza kuti munda kwawo amati muunda, ndipo muundene ndiye kuti kumunda.

"Kwathu timati munda. Kumunda, m'munda, pamunda."

Anaika dengu pansi. "Nenanso, dada." M'Chiswahili dada ndiye kuti chemwali.

Ndinanenanso. Analemba msangamsanga, kenaka anaseka. "Kamawu konena malo aka inu mumakaika kumutu, ife timakaika kumchira. Koma kamagwira ntchito yomweyo."

Kaimuri ankaphunzitsa pasukulu ya pamtundapo. Anandifotokozera kuti Chimeru sichimodzi, mtunda uliwonse uli ndi kalankhulidwe kake. Buku la ana linalembedwa m'kalankhulidwe ka kutsidya lina la phiri, ndipo timawu tina tonena malo a zinthu tinkasiyana ndi ta pamtunda wawo. Mwana akalemba momwe amayi ake amanenera, ankapatsidwa mtanda wofiira, nthawi zina ndi rula m'zala. Iye ankakana kuchonga choncho. Ankati mwana wanena zoona, kapu ili pamene waiona. Tsono akaweruka ankayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa timawu ta kwawo, kuti akaonetse akuluakulu kuti nato tili ndi malamulo ake.

Ndinayamba kuyenda naye. Ntchito yake inali yosavuta kuiona. Ankafika pakhomo, kupereka moni, kukhala pansi. Kenaka ankaika kapu pansi pa mpando n'kufunsa mwini nyumba kuti kapu ili pati. Ankaiika pamwamba pa mpando, m'kati mwa dengu, kumbuyo kwa mtsuko, pakati pa miyala iwiri. Anthu ankayamba ndi kuseka, ena kumuyesa wozungulira mutu, koma pofika kachisanu ankakangana okhaokha, mwamuna ndi mkazi wake, kuti mawu oyenera ndi ati. Kaimuri ankalemba onse awiri.

Mawu ambiri lilime langa linalephera kuwagwira. Atatu okha ndi amene ndinatsala nawo. M'kati mwa chinthu ankati ndene ya. Pamwamba pa chinthu, iguru ria. Kunsi kwa chinthu, rungu rwa.

"Ona," anandiuza tsiku lina titakhala pamwala, akuloza m'kope. "Aliyense ali ndi mnzake woyenda naye. Iguru sayenda ndi rwa. Rungu sayenda ndi ria. Palibe anawaphunzitsa kusukulu anthu awa, koma sasokoneza ngakhale kamodzi. Ndiye wina aziti n'kulakwitsa?"

"Kwathunso n'chimodzimodzi," ndinatero. "Pamwamba pa. Kunsi kwa. M'kati mwa. Mukati pamwamba mwa, ngakhale mbuzi ikuyang'anani."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka ndinamuuza za chulu cha kwathu. Anamvetsera osalemba. Nditamaliza ndinati, "Mwalimu, kope lanu lili ndi vuto la pepala lija. Mukulemba pamene pali kapu, koma simukulemba pamene munthuyo wakhala."

Anatsegula masamba akale, anawayang'ana nthawi yaitali. "Ndiye kuti tibwerere m'makomo monse," anatero.

Tinabwerera. Ine ndinkaima mbali ina ya mtsuko, mwini nyumba mbali ina, ndipo Kaimuri ankajambula timitanda tosonyeza pamene aliyense waima. Anapeza kuti anthu a pamtundapo anali ndi mawu ena onena kumbuyo kwa chinthu chokhala ndi nkhope, monga nyumba kapena ng'ombe, ndi ena onena kuseri kwa chinthu chopanda nkhope, monga mwala. Buku la sukulu linali ndi amodzi okha. Tsiku limene anazindikira zimenezi anayenda njira yonse osaponda bwino, akulankhula yekha, kapu ikulira m'dengu.

Akuluakulu a mabuku anabwera nyengo yothyola tiyi. Anali atatu, pagalimoto yoyera. Anakhala kutsogolo m'kalasi, makolo atadzaza m'mabenchi a ana, mawondo ali m'mwamba. Ine ndinaima pakhomo ndi ndowa yanga. Wapampando anali bambo wonenepa wa tayi, cholembera chofiira chili m'thumba la malaya. Amayi ena anandinong'oneza kuti anabadwira pamtunda womwewo, kuseri kwa tchalitchi, koma anapita kutali kukaphunzira.

Kaimuri analankhula m'Chiswahili kuti onse amve. Anaonetsa kope, anawerenga zitsanzo. Wapampando ankagwedeza mutu mwaulemu, ngati akumvera mwana akuimba.

"Mwalimu, khama lanu taliona," anatero. "Koma izi si malamulo a chilankhulo. Ndi zizolowezi za anthu osaphunzira. Ine ndinakulira kuno, ndipo ndinazisiya. Ana awanso azisiya."

"Munazisiyadi, bwana?"

"Kalekale."

Kaimuri anapitiriza kulankhula zina, akuyendayenda. Podutsa pafupi ndi tebulo anagwetsa kapu ija mwadala. Inagubuduzika n'kukalowa kuseri kwa mwala wotsekera chitseko. Iye anatembenuka uku ndi uku ngati wasokonezeka, n'kufunsa mwachangu m'Chimeru, "Yapita pati?"

Wapampando analoza, n'kuyankha asanaganize.

Mayi wina wokalamba kumbuyo anaomba m'manja kamodzi, n'kunena mokweza dzina la mayi ake a bamboyo. Anthu anaphulika kuseka. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwake sanali a m'buku. Anali a pamtundapo, aja a chinthu chopanda nkhope.

Bamboyo sanaseke. Anaimirira, anatambasula dzanja. "Kopelo likaunikidwe ku ofesi," anatero. Kaimuri analigwira pachifuwa. Mphunzitsi wamkulu anamunong'oneza, anamunong'onezanso, ndipo pomaliza anamulanda kopelo n'kulipereka kwa wapampando. Mlungu usanathe kalata inabwera yoti Kaimuri asapondenso pasukulupo, chifukwa cha mwano.

Ndinakamupeza atakhala pakhonde pake, kapu ili pamiyendo. Maso anali ofiira koma ouma.

"Zaka zinayi, dada," anatero. "Makomo onse aja."

"Mukuwakumbukira mawuwo?"

"Onse."

"Ndiye sanatenge kanthu. Atenga pepala." Ndinaika ndowa ya laimu patsogolo pake. "Pepala limagona. Tiyeni tilembe pa zinthu zoimirira."

Tinayamba mawa lake masana, msika uli m'kati, kuti wina asadzati tinabisala. Iye ankatchula, n'kulemba chilembo choyamba, ine n'kumalizitsa ndi burashi. Pamwamba pa thanki ya madzi tinalemba mawu a pamwamba. Kunsi kwa mlatho tinalemba mawu a kunsi. M'kati mwa shedi yoyezera tiyi, mawu a m'kati. Kumbuyo kwa tchalitchi tinalemba aja a chinthu chokhala ndi nkhope, ndipo kuseri kwa mwala waukulu wa panjira ya kusukulu tinalemba enawo, zilembo zazitali ngati mwana wa sitandade wani. Ana popita kusukulu ankazungulira mwalawo kuti awerenge, n'kumafuula mawuwo mpaka pageti.

Mvula inagwa, inatsuka zonse. Tinalembanso. Mphunzitsi wamkulu anatuma anthu kukapaka matope pamwala uja. Tinadikira matope aume, tinalemba pamwamba pa matopewo. Kenaka ndinayamba kuona zolemba zimene sitinalembe ife. Wina analemba ndi makala pachitseko cha khola. Wina ndi choko pansi pa benchi ya pamsika. Mayi wina anatiimitsa panjira, mtolo wa nkhuni uli kumsana, kutiuza kuti pathanki talakwitsa chilembo chimodzi, ndipo sanachoke mpaka titakonza.

Apolisi anabwera awiri, anatipeza pamlatho. Iwo sakanamuchita kanthu Kaimuri, chifukwa laimu si mlandu ndipo mwala unalibe mwini. Ndiye anatembenukira kwa ine.

"Mayi, zikalata zanu."

"Ndilibe."

"Muli m'dziko muno mopanda chilolezo."

"Ndili pamlatho," ndinatero. "Onani bwino."

Wamkuluyo anapumira m'mwamba. Sanali munthu woipa. Anati pali lole ya matumba a mbatata yopita kum'mwera, ndipo wapolisi mnzakeyo andiperekeza mpaka kuchipata cha malire. Anandipatsa nthawi yokatenga chitenje changa ndi bulangete.

Kaimuri anandiperekeza mpaka pamsika. Anafuna kundipatsa kapu ija, ine ndinakana, chifukwa kumakomo a kutsidya kwa mtsinje anali asanafikeko. M'malo mwake ndinamupatsa ndowa ndi burashi, n'kumuuza kuti laimu asamathire madzi ambiri, ndipo akathira kamchere pang'ono amagwira nthawi yaitali.

"Ukafika kumene ukupita, dada, udzanene kuti uli pati," anatero.

"Ndidzanenanso pamene ndaima."

Wapolisi wachiwiri uja anatsegula chitseko cha lole. "Lowani m'kati, mayi."

"Ndikhala pamwamba."

"Kukuzizira, ndipo msewu ndi woipa. Lowani m'kati."

Ndinaponda tayala, ndinagwira chingwe, ndinakwera pamatumba. Anandiyang'ana, anayang'ana mkulu wake, kenaka analowa yekha n'kumenyetsa chitseko.

Lole inatsika pang'onopang'ono. Ndili pamwambapo ndinkaona mtunda wonse, thanki, denga la tchalitchi, mwala uja ukuyera pakati pa tiyi. Pofika pamlatho ndinapeza Kaimuri atadutsa kale njira yachidule. Anali kunsi, madzi ali m'mawondo, akulembanso pamene mvula inafufuta. Pambali pake panaima amayi awiri, wina atagwira ndowa, wina akumuuza kuti chilembo chapendekeka. Lole inagunda matabwa a mlatho pamwamba pa mitu yawo, ndipo ndinafuula dzina lake.

Sanakweze dzanja. Linali pantchito.